Kusankha Galayinda M'tsinde mwa Phiri la Mulanje

Munthu amene angatsike minibasi pa Chitakale m'mawa wa Loweruka, nkhungu isanachoke pa nkhope ya phiri, amayi a nanazi ndi mapeyala asanamalize kuyala malonda awo m'mbali mwa msewu, adzamva phokoso lina lopyoza m'makutu limene makolo athu sanalidziwe, ndiko kulira kwa chitsulo pamene chikudyedwa ndi mwala wozungulira. Ndipo akacheuka kuti aone kumene likuchokera, adzapeza mnyamata atawerama pansi pa chisakasa cha malata, phazi litaponda paipi, mbaliwali za moto zikuthamanga kuchoka m'manja mwake, mafelemu a zitseko ndi a mawindo atatsamira pakhoma kudikira eni ake. Akapitiriza ulendo wake kupyola pa Boma, pa Mathambi, pa Limbuli, kufikira pa chipata cha Muloza pamene dziko lathu likomana ndi la Mozambique, phokoso lomwelo lidzamulonjera pa msika uliwonse pamene pafika nthambo ya magetsi. Chida chimene chimalira chotero amisiri amachitcha galayinda, ndipo ine ndiyesa kuti m'zaka zino palibe chida china chimene chasintha ntchito ya manja m'boma lathu kuposa ichi, ndiponso palibe china chimene anthu amachitengera kunyumba asanachidziwe monga amachitira ndi ichi.

Kale kudula chitsulo inali ntchito ya anthu owerengeka, amene mudzi unkawaopa ndi kuwalemekeza pamodzi. Wosula ankakhala pa chipala chake, mwana wa mlongo wake atagwira mvukuto, ndipo mwanayo ankatha zaka akupemerera moto ndi kutola makala asanaloledwe kugwira nyundo. Kotero kuti pofika tsiku losula khasu lake loyamba, anali atadziwa kale maonekedwe a chitsulo chimene chafewa, malo oyenera kuimapo, ndi mbiri ya chipsera chilichonse cha pa mikono ya amalume ake. Atafika amishoni ndi eni minda, maphunzirowo anasintha maonekedwe, koma kudekha kwake kunali komweko. Ku Blantyre sukulu ya Henry Henderson Institute, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1909, inkaphunzitsa anyamata ntchito za manja. Ndipo kuno kwathu, kumene Henry Brown anabzala tiyi m'chaka cha 1891, mafakitale a tiyi anadza ndi nyumba zokonzeramo makina, mmene achinyamata ankayamba ndi sowo ndi tupa, kucheka ndi kupala chitsulo kufikira manja atachita matuza, pamaso pa kapitawo amene sankalekerera mphulupulu. Galayinda yaliwiro yogwira m'manja, monga tiidziwa lero, inatuluka ku Germany m'chaka cha 1954 kuchokera ku kampani ya Ackermann + Schmitt, imene zida zake zimadziwika ndi dzina la Flex. Ndipo chitsulo chimene sowo inkalimbana nacho mpaka thukuta litanyowetsa malaya, galayinda imachidula anthu asanamalize kupatsana moni. Koma taonani chimene chinatayika panjira: lero chidachi chimagulitsidwa ngati sopo, wogulitsa nalandira ndalama, napereka katoni, osanenapo kanthu, mphamvu yafika m'manja mwa aliyense, pamene chiphunzitso chimene kale chinkatsagana nayo chatsalira m'mbuyo.

Sindinena izi kuti ndifooketse munthu wofuna kugula, pakuti kufunika kwake ndikuona ndi maso anga. Namondwe wa Freddy atatikantha m'mwezi wa March m'chaka cha 2023, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri ndi kukokolola midzi, mabanja ambiri anayenera kumanganso kuyambira pa maziko, ndipo nyumba iliyonse inafuna zitsulo za m'konkire, felemu, ndi zotchingira mbava pa mawindo. Chaka chomwecho, m'mwezi wa November, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi maperesenti 44, ndipo mtengo wa chilichonse chochokera kunja unakwera nthawi yomweyo. Si chachilendo tsono kuti mphunzitsi wopuma pa ntchito, mlimi wa tiyi wa munda waung'ono, mnyamata wa kabaza amene kaliyala yake imathyoka kawirikawiri, ngakhale mayi amene watopa ndi kudikira mmisiri wolonjeza mawa ndi mkuja, onsewa ayamba kulingalira zokhala ndi chida chawochawo. Iwowa ndiwo ndawalembera mawu awa, pokumbukira kuti safunsa anadya phula.

Funso loyamba sindilo la dzina la kampani kapena la mtengo, monga ambiri amayambira. Funso loyamba ndi lakuti, kodi chitsulo chimene mufuna kudula n'chotani? Pakuti zida zozungulira zodulira zitsulo zili za misinkhu itatu, ndipo munthu akalakwitsa msinkhu walakwitsa zonse. Kakang'ono koposa ndi kachida kooneka ngati cholembera chonenepa, kamene ambiri amakatcha Dremel potengera dzina la Albert Dremel, amene anayambitsa kampani yake mu mzinda wa Racine ku America m'chaka cha 1932. Kameneka kamazungulira modabwitsa, kufika maulendo 35,000 pa mphindi imodzi, koma mphamvu yake n'njochepa, mawati osafika ngakhale 200, ndipo timadisiki take n'tating'ono ngati ndalama yachitsulo. N'kabwino podula bawuti yaing'ono imene yagwidwa dzimbiri pamalo opanikizika, pocheka mzere pa mutu wa sikuluwu yofufutika kuti imasuke, polemba dzina pa poto kapena pa njinga, ndi posalaza ziboliboli monga zimene osema amagulitsa kwa alendo ku Likhubula. Koma amene akagula kuti adulire paipi ya geti adzathyola timadisiki khumi asanafike pakati, ndipo adzanyoza kachida kosalakwa chifukwa chokatuma ntchito ya mkulu wake.

Msinkhu wachiwiri ndi galayinda yaing'ono, ya disiki ya mamilimita 115 kapena 125, imene m'masitolo amaitchula kuti ya mainchesi anayi ndi theka kapena asanu. Wachitatu ndi galayinda yaikulu ya mamilimita 230, ya mainchesi asanu ndi anayi. Pano ndipo pamene mtima wa munthu umamunyenga, chifukwa diso limakopeka ndi chachikulu, ndipo wogula amadziuza kuti chachikulu chidzagwira ntchito zonse, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Ine ndinena mosabisa kuti kwa munthu wa ntchito za pakhomo galayinda yaing'ono ndiyo yoyenera, ndipo yaikulu aisiyire amisiri amene amadula zitsulo zochindikala tsiku lonse. Yaing'ono imalemera makilogalamu awiri kapena kucheperapo, imafuna mawati a pakati pa 600 ndi 900, ndipo disiki yake ikakhala yatsopano imalowa m'chitsulo pafupifupi masentimita atatu. Zimenezi zikwanira kudula zitsulo za m'konkire za mamilimita 10 kapena 12, mapaipi a makona anayi opangira mawindo, maunyolo, mabawuti, kukonza wilibala, ndi kunola khasu, nkhwangwa kapena chikwanje. Yaikulu imalemera makilogalamu asanu kapena kupitirira, imafuna mawati 2,000 kapena kuposa, ndipo disiki yake ikapanikizika m'chitsulo, chida chonse chimaponya theche ndi mphamvu imene mikono ya munthu wosazolowera siingathe kuigwira. Ndaonapo amuna amphamvu, ozolowera kusenza matumba a feteleza, akudzandira chambuyo galayinda yaikulu itawakankha.

Pali msampha wina waung'ono umene uyenera kutchulidwa podutsa. Zilipo zina za mamilimita 100, zofala m'maiko a ku Asia, zimene bowo la disiki yake ndi la mamilimita 16, pamene madisiki ochuluka m'masitolo athu ali ndi bowo la mamilimita 22. Wogula yotere chifukwa chotchipa angathe kuyenda kuchokera pa Chitakale mpaka ku Limbe akufunafuna disiki yolowa bwino. Musanapereke ndalama, funsani ngati madisiki ake amapezeka pa msika wa kwanu.

Chachiwiri choyenera kuchilingalira ndi magetsi amene muli nawo, pakuti munthu wofuna kumanga ayamba wakhala pansi ndi kuwerenga zimene ali nazo. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, ndipo chida chilichonse chiyenera kusonyeza nambala imeneyi, kapena ya pakati pa 220 ndi 240, pa kachikwangwani kake. Zida za kaunjika zochokera ku America kapena ku Japan kawirikawiri zimakhala za mavoti 100 kufika 120, ndipo zikalumikizidwa kuno zimapsa. Galayinda yaikulu ya mawati 2,300 imakoka maampu khumi ikamayenda, ndipo pa kamphindi koyamba kuzungulira imakoka oposa pamenepo kangapo; n'chifukwa chake kajenereta kakang'ono kounikira sitolo kamatsamwa ndi kuzima, ndipo invetala ya sola imene mumaonera kanema siingaidzutse n'komwe. Abale athu a ku Bondo, amene amalandira magetsi a bungwe la MEGA opangidwa ndi madzi a mtsinje wa Lichenya, adziwa kuti mphamvu ya makina a m'mudzi imagawidwa kwa ambiri, chipatala ndi sukulu zili momwemo, ndipo chida chosadya magetsi ambiri ndicho chikhala bwino ndi anansi. Nthambo yowonjezera nayonso isanyozedwe: yopyapyala ndi yaitali imatentha, imafooketsa magetsi asanafike ku chida, ndipo injini yolandira magetsi ofooka imavutika ndi kupsa msanga, gulani yochindikala, ndipo ikakhala yokulungidwa pa gudumu muitambasule yonse musanayambe ntchito. Ndipo inu amene mwalandira galayinda kuchokera kwa mwana wanu wa ku Joni, ya pulagi ya mano atatu ozungulira, kapena mwaigula ku Milange, ya mano awiri, musatsate mwambo woipa uja wodula pulagi ndi kulowetsa mawaya amaliseche m'soketi ndi timitengo ta machesi. Pulagi ya mano atatu a makona yokhala ndi fyuzi ya maampu 13 mtengo wake sufika ngakhale pa wa madisiki owerengeka.

Tsopano ndifika pa chinthu chimene ogula ambiri sachiyang'ana n'komwe, chimene m'dziko lathu lino chili chachikulu kuposa mmene chingakhalire kumaiko kumene magetsi sazimazima: ndicho swichi. Magalayinda ambiri ali ndi swichi yokankha ndi chala imene imakhala yoyatsa kufikira mwini wake ataizimitsa. Tonse tikumbukira mdima umene unatigwera namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira m'mwezi wa January m'chaka cha 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Ndipo ngakhale lero magetsi amapita ndi kubwera osagogoda pakhomo. Lingalirani tsono munthu amene akudula chitsulo, magetsi n'kuzima; iye, pokhumudwa, aika chida pansi osabweza swichi, napita kukadya nsima; ana abwera kudzasewera pa khonde; magetsi n'kubwerera. Galayinda ija idzadzuka yokha, nidzathamanga pansi ngati nyama yolasidwa, ndipo chimene idzakomane nacho idzachidula. Chifukwa cha ichi opanga ena anaika swichi yofinya, imene imazima dzanja likangoisiya, ndipo ena anaikamo kachipangizo koletsa chida kuyaka chokha magetsi akabwerera, kufikira munthu atazimitsa ndi kuyatsanso. Ngati thumba lanu lilola, ndalama zowonjezera mulipire pa chimenechi musanalipire pa mawati ochuluka. Ngati silola, lumbirani mumtima mwanu kuti magetsi akazima dzanja lanu lidzayamba lazula pulagi musanachite china chilichonse.

Za magalayinda a batire sindichulutsa mawu. Ndi abwino pokwera padenga ndi kumunda kumene nthambo siifika, koma galayinda imatha batire msanga kuposa zida zina, ndipo mtengo wa batire lachiwiri ndi tchaja yake nthawi zambiri umaposa wa chida chenichenicho. Batire likafa patapita zaka, lofanana nalo silipezeka pafupi. Woyamba kumene ayambe ndi ya nthambo.

Koma chimene chimadula si galayinda ayi. Galayinda ingozunguza, chodula ndi disiki, ndipo apa ndipempha owerenga adekhe nane, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Disiki si chitsulo monga ena amaganizira. Ndi timiyala tolimba tophwanyidwa, tomatidwa pamodzi ndi utomoni, ndi kulimbitsidwa ndi ukonde wa ulusi wa galasi. Pa galayinda yaing'ono, imene imazungulira maulendo 11,000 pa mphindi, mlomo wa disiki umathamanga pafupifupi makilomita 240 pa ola, liwiro loposa kutali la magalimoto a pa msewu wa Midima. Ndipo disiki ikasweka pa liwiro lotere, zidutswa zake zimauluka ngati zipolopolo. Chifukwa chake opanga amalemba pa disiki iliyonse malire a liwiro lake: ya mamilimita 115 imaloledwa maulendo 13,300 pa mphindi, ya 125 maulendo 12,250, pamene ya 230 malire ake ali pa 6,650 basi. Lamulo lake n'limodzi, losavuta kulisunga: nambala ya pa disiki ikhale yaikulu kuposa nambala ya pa galayinda. Amene achotsa chotchingira kuti alowetse disiki yaikulu pa galayinda yaing'ono, pofuna kudula mozama, akuizunguza disikiyo mopitirira kamodzi ndi theka pa liwiro limene inapangidwira, ndipo mphamvu yofuna kuing'amba imakhala yochuluka pafupifupi katatu; sindidziwa mawu ena oyenera mchitidwe umenewu koma kuyesa Mulungu. Ngakhale chizolowezi chofala chotola madisiki aakulu amene atha ndi kuwamalizira pa galayinda yaing'ono, opanga sachilola, popeza malire olembedwa pa disikiyo akhalabe omwewo.

Madisiki alinso ndi ntchito zosiyana, ndipo iliyonse ikhale pa ntchito yake. Yodulira n'njopyapyala, milimita imodzi kufika atatu, ndipo imalowa m'chitsulo chilili, ndi mlomo wake wokha. Yopalira n'njochindikala, pafupifupi mamilimita 6, ndipo imagwira ntchito chopendekeka pang'ono, posalaza pamene pawotchereredwa kapena ponola. Kupala ndi mbali ya disiki yodulira, chifukwa cha ulesi wosintha, ndiko kudya ukonde uja umene umaigwira, ndipo disiki yotere imasweka mosachenjeza. Chilembo A pa disiki chisonyeza kuti ndi ya zitsulo, chilembo C ya miyala ndi konkire; ndipo zodalirika zimasonyeza nambala ya muyezo wa ku Ulaya, EN 12413. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti disiki imakalamba monga mankhwala: pa mphete yachitsulo ya pakati pake pamadindidwa chaka chimene iyenera kulekeka, chimene chimakhala zaka zitatu kuchokera pamene inapangidwa, chifukwa utomoni uja umafooka ndi nthawi, makamaka ndi chinyezi. Ndipo chinyezi ndiye mnansi wathu wa tsiku ndi tsiku kuno ku Mulanje, kumene mvula imachuluka kuposa madera ambiri a dziko lino, ndipo ngakhale m'miyezi ya June ndi July chiperoni chimatsika ndi kunyowetsa zonse kwa masiku angapo. Disiki imene yakhala pa mphasa ya wogulitsa pamsika, dzuwa likuiwomba ndi mvula ikuiwaza, kapena imene yagonera pa simenti yonyowa, ioneke yatsopano chotani, si yoikhulupirira.

Chotchingira chija, chishango chachitsulo chimene chimaphimba theka la disiki, ndicho chinthu choyamba kutayidwa m'mashedi ambiri amene ndawayendera, pamodzi ndi chogwirira cha m'mbali. Ndipo ukafunsa chifukwa, amisiri amati chimawatchinga kuona bwino ndi kufika m'makona. Ndimawalemekeza amisiri amenewa, pakuti ndi manja awo amadyetsa mabanja ndi kulipira sukulu, ndipo ambiri a iwo sanapatsidwepo mwayi wa maphunziro amene akanawayenera. Koma pa ichi chokha sindigwirizana nawo, ndipo ndimva chisoni poona anyamata ophunzira akutengera chizolowezichi ngati chizindikiro cha ukatswiri. Chishangocho chimatembenuzika, pa magalayinda ena chimasuntha ndi kachogwirira popanda sipanala, ndipo wogula asankhe yotere kuti asadzapeze chifukwa chochichotsera. Galayinda yakale yogulitsidwa yopanda chishango ndi chogwirira musaitenge, ngakhale mtengo wake ukhale wokoma chotani.

Tinene tsopano za dzina ndi mtengo. M'masitolo a ku Limbe ndi ku Blantyre mudzapeza maina odziwika kuyambira kale monga Bosch, Makita ndi DeWalt, amene mtengo wake ndi wokwera, ndi ena otsikirapo monga Ingco, Total ndi Ryobi, amene kwa munthu wodula kamodzi pa sabata amakwanira ndithu. Choopsa si chida chotchipa chimene chimanena zoona za mwini wake. Choopsa ndi chonyenga, chimene chavala mtundu ndi dzina la kampani yotchuka pamene mkati mwake muli mawaya opyapyala ndi magiya ofewa, pakuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Dzina lalikulu pa mtengo wa theka likhale chenjezo kwa inu. Yang'anani kalembedwe ka pa kachikwangwani, funsani lisiti ndi chikalata cha chitsimikizo, ndipo pemphani kuti aiyatse pomwepo: imveke mawu amodzi osalala, osati kukhotchola, mukagwedeza msomali wake wapakati usasewere, ndipo mukasuzumira m'timipata ta mpweya musaone moto wambiri. Chotsiriza, chimene chisiyanitsa wogula wanzeru ndi wothamanga, funsani za mabulashi, timakala tiwiri timene timapereka magetsi ku injini ndi kutha pang'onopang'ono monga sopo. Timeneti n'totchipa, koma galayinda imene mabulashi ake sapezeka imasanduka chitsulo chotayidwa tsiku limene atha. Gulani awiri apadera tsiku lomwelo, muwasunge m'katoni.

Pali ntchito zitatu zimene galayinda ingathe kuchita koma siyenera kutumidwa. Yoyamba ndi kudula malata a denga: kutentha kwa disiki kumapsereza zinki ndi penti imene imateteza lata, timbaliwali totentha timamatirira pamwamba pake, ndipo ndi mvula yathu ino dzimbiri limayambira pomwepo chaka chisanathe, sizasi ya malata ndiyo bwenzi la denga. Yachiwiri ndi kudula mgolo umene munali petulo, dizilo kapena mankhwala, pofuna kupanga mbaula kapena chomwera ziweto. Mgolo wooneka wouma umasunga mpweya wa mafuta, ndipo mbaliwali imodzi ikwanira kuuphulitsa. Yachitatu, imene ndiiopa koposa zonse, ndi kumanga pa galayinda sowo yozungulira ya mano yochekera matabwa. Mano aja akakola pa mfundo ya mtengo, chida chimalumphira kwa mwini wake msanga kuposa kuphethira kwa diso, ndipo mabala ake amakhala a pankhope, pakhosi ndi pa ntchafu.

Ndalama zimene mwapulumutsa pogula yaing'ono m'malo mwa yaikulu, gawo lake lipite ku magalasi oteteza maso, otseka ndi m'mbali momwe. Magalasi a dzuwa ogula pamsika si chitetezo. Kachitsulo kotentha kakalowa m'diso kamamatirira pa galasi la diso ndi kuyamba dzimbiri m'maola ochepa, ndipo njira zathu zakale zochotsera chitsotso, kaya ndi lilime, kaya ndi kamtengo ka machesi, kaya ndi nsonga ya mpango, zimangowonjezera bala. Wovulala apite tsiku lomwelo ku chipatala cha boma pa Mulanje kapena ku Mulanje Mission, ndipo zikavuta adzatumizidwa ku chipatala cha maso cha Lions ku Queen Elizabeth mu Blantyre. Makutu nawonso amafa mwakachetechete, pakuti phokoso la galayinda limapitirira madesibelo 85 pamene kumva kumayamba kuwonongeka, ndipo amisiri achikulire ambiri amene timawalankhula mokweza mawu sanabadwe otero. Malaya olendewera, chitenje chosamangika bwino, udzu wouma, denga laudzu, ndi mabotolo a petulo wogulitsa m'mbali mwa msewu, zonsezi zikhale kutali ndi kumene mbaliwali zikulunjika.

Buku la Samueli limasimba za nthawi imene m'dziko la Israele munalibe wosula, kotero kuti munthu aliyense ankatsikira kwa Afilisti kukanoletsa khasu lake ndi nkhwangwa yake. Ndipo nthawi zonse ndikawerenga ndimeyi ndimamvetsa chimwemwe cha munthu amene kwa nthawi yoyamba wadula yekha chitsulo chake pakhomo pake, osapempha munthu. Chimwemwe chimenecho ndikufunira aliyense wowerenga nkhani ino. Koma popeza chipala cha amalume kulibenso, ndipo si onse angapeze malo m'masukulu a ntchito za manja amene bungwe la TEVETA lakhala likuyang'anira kuyambira m'chaka cha 1999, wogula adzipezere yekha mphunzitsi. Mukatuluka m'sitolo ndi katoni yanu, musathamangire kunyumba. Pitani kwa mmisiri wachikulire wa pa msika wanu, makamaka uja amene galayinda yake ikali ndi chishango, mum'patse ulemu wake ndi kangachepe ka sopo, ndi kum'pempha kuti aime pambali panu pamene mukudula koyamba.

Iye adzakuuzani kuti muzule pulagi musanamange disiki, ndi kuti muiyang'ane mbali zonse ziwiri ngati ili ndi mng'alu. Kuti nati muimange ndi sipanala yake mosapitirira muyezo. Kuti muiyatse ndi kuisiya izungulire yokha kwa mphindi imodzi, itayang'ana kumene kulibe munthu. Adzapana chitsulo pa vaisi, kapena kuchitsamiritsa kotero kuti mbali yodulidwayo igwe yokha ndipo mpata utseguke m'malo mofinya disiki. Adzakuimitsani pambali pang'ono, osati kumbuyo kwenikweni kwa disiki, manja onse awiri atagwira, nthambo ili kumbuyo kwanu. Ndipo mukayamba kukanikiza ndi mphamvu, monga amachitira oyamba onse, adzakugwirani pa phewa kuti mufewetse mkono, chifukwa disiki imadya yokha ndipo kulemera kwa chida kukwanira. Chitsulo chikagwa, adzakuletsani kuchitola ndi dzanja, pakuti chimatentha ngakhale chisakuoneka chofiira. Ndipo sadzakulolani kuika galayinda pansi kufikira disiki itaima ndithu. Mukafika kunyumba madzulo, pukutani fumbi m'timipata ta mpweya, masulani disiki, muiike pamodzi ndi zinzake chogona m'chitini chouma chotsekeka, ndipo chitinicho muchiike pa shelefu yapamwamba, kutali ndi simenti ya pansi ndiponso kumene ana safikira.